Masamba amene ndinayala ku Chiputula

Mpaka lero, ndikamadutsa mu Mzuzu ndi thiraki, sindiloledwa kukhotera ku Chiputula. Si apolisi anandiletsa ayi, komanso si a khonsolo. Anandiletsa ndi apongozi anga aakazi, aNyaGondwe, ndipo kunena zoona, ndikanakhala iwowo nanenso ndikanaletsa.

Ine ndine dalaivala wa thiraki zikuluzikulu zija ena amati gonyeti. Ndimakatenga katundu ku Dar es Salaam n'kupita naye ku Lilongwe, kudzera ku Songwe, Karonga, mapiri a Chiweta, kenako Mzuzu. Ntchitoyi ndimaikonda kuposa mmene ndimakondera abale anga ena. Za pamsewu ndinazizolowera. Wapolisi amasuzumira m'galimoto, n'kundipeza nditagwira chiwongolero ndi manja awiri, koma n'kufunsabe kuti, "Mayi, adalaivala apita kuti?" Madalaivala anzanga aamuna amandiphunzitsa kubwerera chambuyo, pomwe thiraki yawo ili chigonere m'ngalande. Zonsezo ndimangoseka. Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi apongozi.

Amuna anga, bambo a Tawonga, kwawo ndi ku Mzuzu, ine kwathu ku Ntcheu, ndipo timakhala ku Lilongwe. Mayi awo ntchito yangayi sanaikonde kuyambira pachiyambi. "Mkamwana wogona m'malire a mayiko pakati pa amuna okhaokha, ine kutchalitchi ndizinena kuti chiyani?" ankatero pafoni. (Mkamwana ndiye ine. Kumpoto mkazi wa mwana wako amamuitana choncho.) Kenako anatumiza uthenga womaliza: ulendo uno pochokera ku Dar ndiime ku Chiputula tikambirane, ndipo ndikakana kusiya ntchito, aitana ankhoswe. Bambo a Tawonga ndi munthu wabwino, koma mayi awo akangokweza nsidze, iwo amayamba kupepesa asanadziwe chomwe alakwa. Ndinadziwiratu kuti aNyaGondwe akati ndisiye, ndiye kuti chimodzi chitha, ntchito kapena banja. Ine ndinkafuna zonse ziwiri.

Munthu wanzeru akanasiya thiraki m'tauni n'kukwera kabaza. Ine ndinaganiza zopita nayo mpaka pakhomo, matumba a feteleza wa abwana ali momwemo, kuti apongozi aone ndi maso awo kukula kwa chinthu chimene mkamwana wawo amachiwongolera. M'mutu mwanga ndinkawaona atagwira pakamwa, akuti, "Ha, mwana uyu ndi munthu!" Ndinaima pambali pa msewu, n'kuvala chitenje pamwamba pa ovolosi, duku kumutu, kuti ulemu nawo uoneke.

Kunali kamvula ka ku Mzuzu kaja kosadziwika ngati kakugwa kapena kakungoyendera. Msewu wolowa kwa apongozi ndi wopapatiza, wamatope, wopangidwira njinga ndi mawilibala. Ndinalowa nawo bwinobwino, ana akuthamangira pambuyo, ine mtima uli m'mwamba. Nditangofika pageti penipeni, tayala linagwera m'dzenje, ndipo pansi panamveka kuti phwiii! Paipi ya mpweya inali itaphulika. Kwa amene simudziwa, thiraki ikataya mpweya mabuleki amamanga okha, ndipo singasunthe ngakhale Chiputula yense atabwera kudzakankha.

Ndinatsika, ndinapita pakhonde, odi, odi, zii. Chitseko chinali chokhoma. Ndinathokoza Mulungu kuti palibe waona, ndipo ndinati ndikonze msanga eni nyumba asanabwere.

Galimoto ikawonongeka pamsewu timaika zizindikiro zofiira zija za makona atatu, koma zanga anali atandibera ku Songwe. Zikatero ife madalaivala timathyola nthambi zamasamba n'kuziponya m'mbali mwa msewu, ina apa, ina apo, kuti obwera achepetse liwiro. Mtengo umene unali pafupi unali wa mapeyala, wa apongozi, nthambi zake zitatulukira kunja kwa mpanda. Ndinathyola mosaumira. Tsono poti akabaza ankadutsa mopanikiza pomwe miyendo yanga ikanatulukira ndili pansi pa thiraki, sindinaziponye m'mbali. Ndinaziyala chopingasa msewu, mzere wowongoka bwino, wina kutsogolo kwa nyumba, wina kumbuyo.

(Inde, ndikudziwa. Inenso ndinakulira m'Malawi momwe muno. Mwana aliyense amadziwa kuti masamba oyalidwa chopingasa msewu mbali zonse ziwiri za nyumba ndiye kuti pamenepo pali maliro. Koma tsiku limenelo mutu wanga wonse unali pa paipi.)

Ndinalowa pansi ndi sipanala komanso mphira wa chubu, injini ndinaisiya ikulira kuti ndizimva pomwe mpweya ukuthawira. Ndinalimbana nayo nthawi yaitali ndithu, girizi kumaso, matope kumsana. Nditamanga, ndinatulukira mbali ya kumsewu, ndinakwera n'kuzimitsa injini. Pamenepo m'pomwe ndinamva nyimbo. Nyimbo yapansipansi, ya amayi, yokoka mawu.

Nditazungulira thiraki, ndinapeza bwalo la apongozi ladzaza. Amayi anali atakhala pansi mbali imodzi miyendo atatambasula, abambo pamabenchi mbali ina zipewa zili pamaondo, amayi a kwaya akuimba, ena akubwera ndi nkhuni pamutu. Ndinagwada pafupi ndi mayi wina wachikulire, amene pambuyo pake ndinamva kuti ndi aNyaPhiri a nyumba yoyandikana.

"Amama, kwagwanji pano?"

Anandiyang'ana, n'kundigwira dzanja. "Ndinu mkamwana wa ku Lilongwe uja? Pepani chomene, mwana wanga. Adada Mhango, apongozi anu aamuna, atisiya. Anapita kuchipatala m'mawa ndi BP yawo ija, basi ndi momwemo. Koma inu mwachita changu chomene, mpaka mwabwera kale ndi galimoto yonyamula anthu. Chiuta akudalitseni."

Ndinatembenuka kuyang'ana kumsewu, ndinaona masamba atayalidwa, ndipo mumtima ndinati, "Zoonadi, ndi masamba omwe ayala kale." Musandifunse. Anthu anali atawonjezerapo nthambi zina moti mzere unkaoneka wa boma, koma chimenecho si chifukwa chokwanira. Masamba anga omwe ananditsimikizira kuti apongozi anga amwalira.

Chisoni chinandigwira chenicheni. Adada Mhango, apongozi anga aamuna, anali munthu yekhayo m'banjamo amene ndinkamuganizira kuti ali mbali yanga. Mwambo wa kwawo sulola mkamwana kucheza ndi apongozi aamuna maso ndi maso, choncho sitinalankhulanepo bwinobwino, koma nthawi ina anatuma Tawonga kudzandifunsa kuti thiraki ili ndi magiya angati. Nditakumbukira zimenezo, misozi inangotuluka yokha. Komabe ndisanamize, pakona pena pa mtima panali kamawu kakuti, "Awa amati uli ngati mwamuna, lero uwaonetse kuti kulira umatha." Ndinalira kwa ku Ntcheu. Ndinadzigwetsa m'matope, ndinagubuduka, ndinaitana apongozi mayina aulemu amene sindinawaitanepo ali moyo. Amayi a kwaya anachita kukweza mawu kuti amveke. Mkulu wina wa mpingo atabwera kudzafunsa za mayendedwe, ndinalonjeza pamaso pa anthu kuti thiraki inyamula aliyense mpaka kumudzi ku Mzimba, feteleza wa abwana titsitsa, aone okha chochita.

Tili mkati motero, aNyaGondwe anatulukira kuchokera kumsika, dengu lili pamutu. Ataona masamba ali chapatali, kenako khamu pakhomo pawo, dengu linagwa, tomato n'kumwazika msewu wonse. "Chiuta wane!" Amayi anathamanga kukawagwira, n'kubwera nawo chowakoka. Palibe anawauza kanthu, ndipo iwo sanafunse kanthu, chifukwa zonse zinali zooneka. Atandiona ine ndili thapsa ndi matope, girizi atasakanikirana ndi misozi, anandikumbatira. Chikwatiwire, aka kanali koyamba. "Mkamwana, mwatililira chomene," anatero akusisima. Mulungu andikhululukire, pakati pa kulira konseko ndinaganiza kuti ntchito ija yapulumuka.

Zimene zinkachitika kuseri kwa thiraki ndinazimva pambuyo pake. Adada Mhango anali atalandira mankhwala awo kuchipatala, n'kudzera kokameta, n'kukwera kabaza. Atafika pa masamba, anachita zimene munthu wolemekeza maliro amachita: anatsika panjinga, anavula chipewa, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono. Thiraki inali itatchinga nyumba, ndiye anafunsa wogulitsa makala wina wongodutsa, amene sankawadziwa. Iye anati, "Akuti kwa a Mhango kwagwa zovuta." Mdalayo anawerengera. M'nyumbamo amakhala anthu awiri, ndipo iye anali ataima pamsewu akupuma bwinobwino.

Choncho nyimbo ili pakati, kuseri kwa thiraki kunatulukira malemu, atameta bwino, chipewa kumanja, kapepala ka mankhwala kumanzere, akulira mokweza kuposa ine. "NyaGondwe wane! Wandisiya ndi ndani? Azindikalipira za mchere ndani?"

Sindinaonepo anthu akubalalika chonchija. Nyimbo inadukira pakati pa liwu. Benchi ya abambo inagubuduzika ndi abambo ake omwe. ANyaPhiri, amene Chiputula yense amadziwa kuti amadwala maondo, analumpha mpanda osaukhudza. Ine ndinathawira komwe ndimakudziwa, pansi pa thiraki, ndipo zotsalazo ndinaonera pakati pa matayala.

Pabwalo panatsala anthu awiri, atayang'anizana, aliyense akulira mnzake. ANyaGondwe anayandikira pang'onopang'ono, n'kuwatsina amuna awo khutu.

"Muli moyo?"

"Enya. Nanga inu?"

"Ndili moyo."

Anagwirana manja, nkhalamba ziwiri zija, ndipo ine pansi pa thiraki ndinaliranso, ulendo uno popanda kamawu kalikonse pakona. Kenako aNyaGondwe anapukuta maso n'kufunsa kuti, "Tsono kuchipatala kokhako mpaka dzuwa kupendeka? Munali kuti?"

Anthu atabwerera mmodzimmodzi, mkulu wa mpingo uja anayamba kufufuza. Uthenga wabwera ndi ndani kuchokera kuchipatala? Palibe. Kwaya inamva kwa ndani? Kwa aNyaPhiri. ANyaPhiri anamva kwa ndani? Iwo sanamve kwa munthu, anangoona masamba, nyumba yokhoma, n'kukumbukira kuti adada apita kuchipatala. Nanga masamba anayala ndani? Apa aliyense anayang'ana mnzake. Ndipo ine pansi paja, m'pamene mutu wanga unabwerera kuchokera ku paipi.

ANyaGondwe anapita kumsewu, anatola nthambi imodzi. Inali ndi kapeyala kakang'ono kakulendewera. Anayang'ana nthambiyo, anayang'ana mtengo wawo umene mbali imodzi unali utameteka ngati amuna awo, kenako anayang'ana nsapato zanga zimene zinkaonekera pansi pa thiraki.

"Mkamwana, tulukani."

Ndinatuluka chokwawa, ndinagwada, ndinafotokoza zonse: za ku Songwe, za paipi, za akabaza. Woyamba kuseka anali adada Mhango. Anaseka mpaka kukhala pansi, kenako, poti mwambo suwalola kulankhula nane mwachindunji, anayang'ana kumtengo wa mapeyala n'kunena kuti, "Auzeni amkamwana kuti ndamva kuti analira bwino chomene, ine ndaphonya. Tsiku lenileni asadzachepetse."

Anthu atamwazikana, ena akuseka, ena akunyamula nkhuni zawo mokwiya, aNyaGondwe anandiitanira kukhitchini. Ndinadziwa kuti nthawi ya mlandu uja yakwana, ndipo chiyembekezo ndinalibe. Anandithirira tiyi, n'kukhala pampando.

"Mkamwana, ine ndimafuna musiye ntchito iyi muzikhala pakhomo. Ndinaganizanso zoti musamukire kuno ku Mzuzu, pafupi ndi ife. Ndasintha maganizo. Mwakhala pano theka la tsiku lokha, mwapha amuna anga, mwapha ine, mwathyola peyala wanga. Munthu ngati inu ndi wofunika aziyenda. Pitani ku Dar. Kukakhala kopitirira, pitirirani."

"Yewo, amama," ndinatero, ndipo sindinadziwe ngati ndatukwanidwa kapena ndadalitsidwa.

Ntchito ndikugwirabe, banja lilipo, ankhoswe sanaitanidwe. Phunziro limene ndinatolapo ndi lochepa: ndisanathyole nthambi, ndimayamba ndayang'ana ngati pafupi pali nyumba, ndipo ngati ilipo ndimafunsa ngati onse ali bwino. Zopita ndi thiraki kokaonetsa anthu sindinasiye kwenikweni, kungoti ku Chiputula n'koletsedwa.

Masiku ano ndikamayandikira Mzuzu ndimaimba foni, ndipo aNyaGondwe amakwera kabaza kudzandidikira kumsewu waukulu. Amayamba aona ngati zizindikiro zofiira zimene anandigulira okha zilimo. Ndinamva kuti kutchalitchi amauza anzawo kuti, "Gonyeti yoyera ija imadutsa apa, amayendetsa ndi mkamwana wanga," koma kwa ine sananenepo zimenezo. Amangondipatsa kajumbo ka mapeyala kudzera pawindo, n'kunena mawu omwewo ulendo uliwonse.

"Akanakhala ambiri, mkamwana, koma nthambi zina zinapita kumaliro."