Malisiti a Mafuta a Bwana

Lolemba
Kalata yandipeza pa foni ndili m'basi, kuchokera ku keya komwe ndimasambitsa azungu okalamba. Maodita kumudzi akufufuza ndalama zomwe boma linkapereka kwa atsogoleri a zipani. Bwana wanga wakale, amene ndinawayendetsa zaka zisanu ndi ziwiri, ayankha kale: ati ndalama za mafuta anathawa nazo dalaivala, ali ku Mangalande. Dalaivalayo ndine. Yankho langa likufunika Lolemba likubwerali.

Za Bwana sizikundiwawa kwenikweni. Zikundiwawa ndi za mayi ku Ntcheu. Mchemwali wanga akuti asiya kupita kukwaya, anthu ayamba kuwaloza kuti ndi make wa wakuba.

Koma Bwana aiwala kuti ine sinditaya pepala. Lisiti lililonse ndinasunga m'jumbo, ndipo ndinabwera nayo kuno ku Bolton. Dongosolo: kusanja, kuwonkhetsa, kujambula, kutumiza. Pofika Lachisanu dzina langa layera.

Lachiwiri
Ndamasula jumbo. Fungo la dizilo ndi fumbi la kwathu, mpaka misozi kulengeza. Zomwe zatuluka:
- chipewa cha chipani, njenjete zinadyako mtundu umodzi
- kaseti ya nyimbo za kampeni
- kiyi wa galimoto yomwe inagulitsidwa kalekale
- malisiti, mulu wonse

Ndasanja atatu okha. Lotsatira ndi la pa Dedza, basi ndakhala pansi. Kuzizira kwa m'mawa, tchipisi cha pachiwaya, amayi akuimba pa lole kumbuyo kwathu, Bwana ali mtulo kukamwa kuli yasa. Ankadzuka pokhapokha akamva nthungululu, n'kutulutsa dzanja pawindo maso ali chitsinzinire. Ndinali munthu masiku amenewo. Apolisi a pamsewu ankandichitira sawatcha. Ndachedwa ku shifiti.

Lachitatu
Ndawaona bwino masana. Malisiti a makina aja zilembo zinafufutika, ambiri angotsala mbee ngati sanalembedwepo. Akazi anga, pochokera kuchipatala komwe ndi namwino, asuzumira kamodzi: "Bambo a Tadala, zaka zonsezi mukusunga mapepala opanda kanthu? Ine nsapato zanga kusowa poika?"

Ndayesa kudzaza ndi mutu. Ndikukumbuka mbuzi iliyonse yomwe mafumu anatipatsa, maliro onse amene Bwana analira mokweza kuposa anamfedwa, ngakhale dzina la mayi amene ankatigulitsa nthochi pa Jenda. Malita okha sindikukumbuka.

Lachinayi
A Phiri a ku Sheffield, amene amadziwa chilichonse, pa foni: "It's simple, achimwene. Heat basi. Muwatenthetse pang'ono, zilembo zibwerera." Kuti pang'ono ndi bwanji sananene.

Ndaika limodzi pa hita. Manambala ayamba kuoneka mwa apo ndi apo. Zikutheka! Ndaimbira mayi kuti achape yunifolomu ya kwaya. Iwo: "Iwe, kuyambira uli mwana umathamanga." Sanasinthe.

Lachisanu
Hita ikuchedwa. Lisiti limodzi mphindi khumi, malisiti ndi mulu, masiku atha. Nzeru zabwera: simbi ya akazi anga. Ndawayala onse patebulo m'mizere, thaulo pansi, ndi kusita mwaluso monga ndinkasitira masuti a Bwana ku resiti hausi ku Mzimba.

Onse bii! Akuda ngati makala. Mafuta a zaka zisanu ndi ziwiri atha m'mphindi zitatu.

Akazi anga: "Simbi yanga mwaichita chiyani?" Za dzina langa sanafunse. A Phiri foni sakuyankha.

Loweruka
Ndakutumula jumbo, mwina mwatsala kena. Lagwa lisiti limodzi lolembedwa ndi bolopeni, likuwerengeka ngati la dzulo. La kusitolo ina pa boma la Ntcheu: malata makumi awiri ndi anayi, misomali yake. Kuseli kwake, dzanja la Bwana lalemba kuti "mafuta". Pansi pake siginecha yanga.

Ndakumbuka. Chaka chomwe mphepo inasasula denga la mayi. Ndinangotchula poyendetsa, osapempha. Bwana anatsegula envelopu ya ndalama za boma zija, kutapamo osawerenga: "Pita ukawafolere mayi ako." Ndinaimitsa galimoto m'mbali mwa msewu n'kulira. Tsiku lokhoma malata mayi anavina pabwalo mpaka fumbi koboo, mudzi wonse kudzaona. Kuti ndalamazo zinali za yani, sindinafunse. Ndinkawakonda Bwana aja, ndipo zikundichititsa manyazi kuti mpaka lero sindinasiye.

Lamulungu
Kutchalitchi ndangokhala, ulaliki sindinaumve. Pepala lowerengeka ndili nalo limodzi lokha, ndipo likuti ndinadya nawo. Ndaliyang'ana, ndayang'ana simbi. Akazi anga aitsekera m'kabati, mwina achita bwino.

Ndajambula mbali zonse ziwiri. Ndawalembera maodita kuti: ndalama za mafuta sindinathawe nazo, umboni ndinausita, koma ili nali. Ndatumiza.

Madzulo mayi aimba foni. "Zatha? Ndipite kukwaya?" Sindikuwamva bwino, kumeneko mvula ikugwa ndipo malata akusokosera. Ndawauza kuti abadikira kaye.