Mitengo ya a Kachingwe

Lolemba, sabata yomaliza ya Juni

Zatheka! A Kachingwe avomera. Loweruka tikupalasa njinga kuchoka kuno ku Chinsapo mpaka m'nkhalango ya Dzalanyama. Tikangodutsa Likuni, msewu wafumbi wokhawokha, zitunda ndi mitsetse.

Ndilembe bwinobwino, mwina ndidzaiwala. A Kachingwe ndi bambo wachikulire wa nyumba yoyang'anana ndi yathu. Moyo wawo wonse agwira ntchito ya zankhalango, ndipo amati kumeneko kuli chitunda china chimene mitengo yake yonse anabzala ndi manja awo. Chimwalirireni akazi awo amakhala okha, ndiye mwana wawo wamkazi wagamula: Lamulungu akubwera ndi galimoto kudzawatenga, azikakhala ku Blantyre. Ndawauza kuti asapite asanaonenso mitengo yawo, wowaperekeza ndine. Andiyang'ana nthawi yaitali, kenako akuti chabwino.

Zimene ndili nazo:
- njinga ya magiya ambirimbiri, ena sindinawagwiritsepo ntchito
- helemeti
- kabudula wothina uja amene mkazi wanga amati ndisamadutse naye pampopi
- foni yojambula njira pamapu
- mimba, imene iyenera kukatsala konko

Lamulo la ulendo ndinalimva kwa anyamata opalasa njinga zamasewera: usanyamule kanthu. Madzi, pampu, chigamba cha chubu. Basi!

Zimene a Kachingwe ali nazo: njinga yakuda yachikale yopanda magiya, ndi jekete.

Lachiwiri

Kuyeserera, m'mawa ndisanapite kuntchito. Kachitunda ka kuseri kwa msika. Magiya onse ndasintha, tcheni chagwa kawiri, pamwamba ndafika ndikuona nyenyezi. A Kachingwe afika kalekale, akhala pamwala akusenda mtedza. Jekete chimangire mabatani. Thukuta ngakhale dontho!

Munthu uyu sapalasa ngati ife. Sawerama, salimbana nayo njinga. Amangokhala mowongoka ngati ali pabenchi la kutchalitchi, miyendo n'kumazungulira yokha. Akuti pamsewu wamiyala usamayang'ane mwala, uziyang'ana pamene palibe mwala. Ndalemba padzanja.

Madzulo kwabwera Mayi a Tadala, a nyumba ya pafupi ndi mpopi. "Tamva kuti mukupita ku Dzalanyama. Popeza mukupita komweko, kaphukusi aka mukasiyire achemwali anga pa Malingunde." Sopo ndi mchere. Kakang'ono ndithu. Munthu ungakane bwanji sopo?

Koma amva kwa yani? Ine ndauza mkazi wanga yekha.

Lachitatu

Walira mvula walira matope. Zafika lero:
- shuga, wa apongozi awo a Nachisale
- yunifolomu ya sukulu
- wailesi yakufa, mwiniwake akuti kumeneko kuli mphwake wodziwa kukonza
- mankhwala opaka mawondo
- kalata. Kalata, masiku ano a mafoni!

Aliyense mawu ake ndi amodzi: popeza mukupita komweko. Kwa anthu a ku Chinsapo, "komweko" ndi paliponse pakati pa Likuni ndi Mozambiki.

Ndayesa kuwafotokozera a Nachisale kuti uwu ndi ulendo wamasewera, njinga imafunika kupepuka. Ayang'ana ine, ayang'ana njinga. Akuti ndiye mupita kutali konseko chimanjamanja ngati wothawa mlandu? Shuga ndalandira.

Ndafunsa mkazi wanga ngati wolengezayo ndi iye. Akuti alibe nthawi yolengeza za bambo wamkulu wovala kabudula wa mwana.

Lachinayi

Njinga yanga ndinaigula dala yopanda kaliyala. Lero ili naye. Amangirira ndi a Kachingwe, ndi waya ndi malegeni.

Koma kumanga katundu ndi luso, abale! Zolemera pansi, zosweka pakati pa zovala, wailesi aikulunga mu yunifolomu. Mfundo imodzi yokha, yomasuka ukakoka kamodzi. Agwedeza njinga, palibe chalira. Ndimati ndikwiye, ndangopezeka ndikuombera m'manja.

Ndawaonetsa njira pafoni, mzere wofiira wowongoka bwino. Avala magalasi, aona, aseka. Atola kamtengo n'kujambula yawo pansi: apa mkuyu, apa mjigo, apa mlatho wamitengo wofunika kutsika, apa chitunda chimene ngakhale ng'ombe zangolo zimapumira pakati. Njira yawo yokhotakhota ngati ya mbuzi, koma ikudutsa pakhomo pa aliyense amene tamunyamulira katundu.

Ndawakumbutsa kuti tikachedwa m'njira sitikafika, ndipo Loweruka lina kulibe. Akuti mitengo sithawa.

Zawonjezeka: nsapato, ndowa yapulasitiki, chithunzi cha ukwati cha mufelemu.

Lachisanu

Tambala!

Wamoyo. Wa Mayi a Tadala omwe aja, akuti Lachiwiri anaiwala. Nkhuku kuchoka m'tauni kupita kumudzi, dziko latembenuka. Akuti ndi wamtundu, achemwali akufuna mbewu yake. Pang'onopang'ono ndi mtolo, anatero akuluakulu, koma sananene kuti wosenza mtolowo ndi ine.

Ndapita kwa a Kachingwe kukadandaula. Ndawapeza akulongedza. Makatoni pabalaza, mipando yapita kale kwa achibale, pakhoma pangotsala misomali. Madandaulo anga ndabwerera nawo. Zandikhudza kwambiri. Bambo amenewa ndiwasowa. Ndiwo anandiphunzitsa kumata chubu, ndiwo anayendetsa zonse pamaliro a bambo anga ine mutu utaima.

Mawa, zivute zitani, akafika pamitengo yawo. Dongosolo:
- pakhomo paliponse mphindi zisanu
- osakhala pansi
- osalandira chakudya
- osavula helemeti

Loweruka

Tanyamuka kukucha, chisanu chikuluma zala. Tambala ali m'dengu pahandulo, akundiyang'ana. Kabudula wothina ndavalira thalauza pamwamba, lamulo la mkazi wanga.

Tara watha, fumbi layamba. Koma dziko ili ndi lokongola! Madambo akufuka nkhungu, zitunda zikupatsirana msewu, kutsogolo mapiri a Dzalanyama ali ndandanda. A Kachingwe patsogolo, mchenga akuuzemba usanaoneke. Ndikungoponda m'mene aponda, ndipo sindikugwa.

Khomo loyamba, Malingunde. Mphindi zisanu zathera m'moni. Mipando yatuluka, thobwa latuluka. Ungakane thobwa la munthu amene wakupukutira mpando ndi chitenje chake? Helemeti ndavula. Ola lathunthu. Tasiya sopo, mchere ndi tambala, atipatsa maungu awiri a Mayi a Tadala. Katundu sakuchepa, akungosintha dzina!

Khomo lachiwiri: mbatata yootcha. Khomo lachitatu: mtedza, ndi bambo wina wosaona amene wagwira dzanja la a Kachingwe osafuna kulitaya. Pakhomo paliponse akundilozera mtengo. Mbawa iyi mbande yake anatipatsa ndi iwowa. Mango awa ndi iwowa. Mthunzi umene ndakhalamowu ndi iwowa.

Khomo lachinayi, wokonza wailesi uja waulula zonse osadziwa. Akuti uthenga unafika Lolemba kuti a Kachingwe akubwera kudzatsanzika, ndipo ku Chinsapo anayenda okha khomo ndi khomo kufunsa amene ali ndi katundu wopita kumudzi. Ndiye wolengeza uja ndi iwo eni! Ndawayang'ana. Akuyang'ana nkhunda padenga.

Masana, masamba pamsewu. Maliro. Kutsika njinga, kukankha mwakachetechete. Malemuyo a Kachingwe akumudziwa, ndiye takhala pansi pamodzi ndi azibambo. Foni m'thumba ikunjenjemera, ikufunsa ngati ulendo watha.

Dzuwa lapendeka tili pamwamba pa chitunda cha ng'ombe chija. Ine ndakankha, iwo akwera. Nkhalango ikuoneka, koma patali ndithu. Ndawerengera m'mutu: tikathamanga osaimanso tifika kukuwala. Mtima uli phaphapha. Ndati, "Bambo, tiyeni. Mitengo yanu."

Iwo akuyang'ana kumunsi. Ogulitsa makala akukwera chitunda molunjika kutauni, akukankha njinga, matumba osanjikizana kupitirira mutu, malaya ali chonyowa. A Kachingwe apatukira kumbali, akuwapatsa moni mmodzimmodzi. Womaliza wafooka, atsika n'kukamuthandiza kukankha mpaka pamwamba. Abwerako akupukuta manja akuda pajekete.

"Mitengo yanga ndi imeneyo, bambo a Dalitso. Ndimakumana nayo pa Chinsapo m'mawa uliwonse, inenso ndimaphikira yomweyo. Chitunda changa chija ndinachiona kale, patsala zitsa. Ine ndimafuna anthu."

Takhala pamwala, tadya mbatata yotsala, tikuyang'ana mapiri. Pobwerera takwera lole yanjerwa: ife, njinga, ndi maungu.

Lamulungu

Sindikutha kukhala pansi. Kutchalitchi ndaimirira kumbuyo mapemphero onse, anthu akuyesa ndi kudzipereka.

Zotsatira za ulendo:
- Dzalanyama: sitinafike
- mimba: yawonjezera
- mapu pafoni: ngati papalasa nkhuku
- maungu, mtedza, nzimbe, mayankho a kalata: ndagawa m'makomo m'mawa wonse

Galimoto yabwera masana. Makatoni alowa, njinga yakuda yakanika. Mwana wawo akuti ngakhale ikanalowa, ku Blantyre magalimoto ndi ambiri, sakapalasanso. A Kachingwe sanatsutse. Aikankha kudutsa kanjira, aitsamiritsa pakhoma la nyumba yathu, asisita chishalo kamodzi.

Pakaliyala pali kaphukusi kamodzi, komangidwa ndi mfundo yawo ija. Njere za mbawa, zotola pansi pa mtengo wa pakhomo pawo. Akuti ndi za mayi wina wofesa mbande m'mphepete mwenimweni mwa nkhalango, kumene dzulo sitinafike.

"Si zachangu. Bola mvula isanagwe. Popeza mukupita komweko."

Ine sindinanene kuti ndikupita. Ndimati ndiwauze zimenezo, iwo akwera kale. Galimoto yakhota pamsika, fumbi lakhazikika, nyumba yawo ili chitsekere.

Ndatenga sipanala, ndatsitsa chishalo cha njinga yakuda ija kuti chindikwane. Mayi a Tadala andiona ali pampopi. Asiya ndowa ikusefukira, athamangira m'nyumba kukamanga kaphukusi.