Sipika Yathu Imangomva mp3

Lolemba
Ulemu wandigwera! Mayi Nabanda, mkulu wa kwaya yathu ya pa Santhe, akuti: "Aphunzitsi, inu ndi a kompyuta. Mutiikire nyimbo zathu pa memori kadi, Lamulungu tidzawaikire alendo a ku Kaomba pa nthawi ya chakudya. Ku pulakatisi musavutike kubwera."
Vuto: aliyense ankajambula ndi foni yake. Nyimbozo zili m'mitundu yosiyana: zina m4a, zina amr, zina ogg. Sipika ya kutchalitchi imangomva mp3.
Kusintha imodziimodzi? Ine ayi. Mzere umodzi wa lamulo pa zenera lakuda la laputopu, pulogalamu ya ffmpeg isinthe zonse pakamodzi. Mawa ndibwerere ku besi yanga, chifukwa kwaya popanda ine ndi ndiwo zopanda mchere.

Lachiwiri
Zenera lakuda likuchita mwano. Dzina likakhala ndi mipata, likuliduladula. Pa "Yesu ndi Mbusa" likuyankha kuti Yesu sakupezeka, Mbusa sakupezekanso.
Mankhwala ake ndi kungotsekera dzina m'tizizindikiro tiwiri totsekera mawu, chonchi: "$f". Ndikuzindikira dzuwa litapendeka. Pulakatisi yandipita.

Lachitatu
Magetsi kulibe. Batire yafa.
Kwaya ikumveka chapatali. Besi mulibe. Ndikuwamvera chisoni anzanga.

Lachinayi
Yayenda! Koma ikungofunsa ngati ilembe pamwamba pa fayilo ina. Ndikuwonjezera -y kuti izingovomera, isandichedwetse.
Mayo ine! Anthu athu ndi maina:
kwaya.m4a ya a Mwale
kwaya.amr ya a Phiri
kwaya.ogg ya Mayi Nabanda
Zonse zasanduka kwaya.mp3, ina kudya inzake. Zoyambazo ndinalamula kuti zizifufutika zikasinthidwa, poti ndine munthu waukhondo.

Lachisanu
Njinga mpaka kwa Mayi Nabanda, amene amasunga nyimbo za aliyense. Ndikuwapeza m'chigafa akusankha fodya, manja ali bii.
"Foni ili pa mpandopo, koperani nokha, ine ndatanganidwa."
Ndikukopera chilichonse cha mawu chimene chili m'foniyo. Kusankha ndi kwa fodya.

Loweruka
Fayilo iliyonse ndaipatsa nambala yakeyake. Ndikudina. Zilembo zikuthamanga, zonse mp3, palibe yotsala!
Ndikumvetsera ziwiri zoyambirira. Zokoma. Zinazo n'kuvutikiranji? Mmera mpoyamba.
Ndikusita malaya oyera.

Lamulungu
Alendo akudya pansi pa mtengo. Sipika ili pa tebulo, ine pambali pake, chifuwa patsogolo.
Nyimbo yoyamba, m'manja. Yachiwiri, nthungululu.
Yachitatu si nyimbo. Ndi uthenga wa mawu wa Mayi Nabanda:
"A Mwale, nzeru ndaipeza. Aphunzitsi tiwapatse ntchito ya kompyuta sabata yonse. Besi yawo ija imatisocheretsa tonse, alendo angadzatiseke."
A Mwale akutsamwa ndi fupa la nkhuku. Mayi Nabanda maso ali m'mbale.
Zandiwawa, sindinama. Zaka zonsezi ndimati anthu amanditembenukira chifukwa chogoma nane.
Komabe mawuwo amveka mbee, mpaka ku mipando yakumbuyo. Ntchito ndimaitha.
Mkulu wa kwaya ya ku Kaomba akundinong'oneza ngati ndingawasinthirenso zawo, akuti zilipo zambiri. Ndavomera.
Mayi Nabanda akuti ndisafulumire nazo.