Maginito a Amalume ndi Galimoto Yopanda Denga

Mukadzadutsa ku Liwonde kuno n'kuona nyumba ya njerwa zootcha yofoleredwa malata mbali imodzi yokha, mbali inayo ili yasa kuyang'ana kumwamba, musadzavutike kufunsa mwini wake. Ndine. Ndipo musadzamvere zokamba aneba zoti ndalama za ku Qatar ndinathera juga. Denga limenelo linadyedwa ndi maginito, kachitsulo kakuda kosadzaza ndi chikhatho chomwe, ndipo ndikaikumbuka nkhaniyi mtima umandiwirabe mpaka lero.

Ndinagwira ntchito yoyendetsa galimoto zaka ziwiri pakhomo lina ku Al Waab, mu Doha. Madalaivala tinalipo awiri, ine ndi mnzanga, Mmwenye wa ku Kerala, munthu wofatsa woti ukamuponda chala amapepesa ndi iyeyo. Makontilakiti athu awiri ankathera mwezi umodzimodzi, ndipo abwana anali atanena kale kuti ana akula, asungapo dalaivala mmodzi yekha. Kumudzi nyumba inali itafika pa lintala. Chaka chimodzi chokha chowonjezera, malata onse akanakwera. Mayi akunyumba ankandikumbutsa pa foni Lachisanu lililonse kuti njerwa zikunyowa.

Tsono ine ndili ndi matenda a pakamwa. Tsiku lina tili pamzere wa magalimoto, ndinawauza abwana kuti ndinakulira m'galaja, ndipo magalimoto a Angelezi ndimawadziwa ngati m'thumba mwanga. (Zoona zake n'zakuti ndinakhalako miyezi itatu ndili lova kwa amalume anga, Che Jafali, owongola magalimoto ophwanyika ku Limbe, ndipo nthawi yambiri ndinkakhala pa tayala kumvera mpira.) Kuyambira tsiku limenelo abwana anayamba kundiitana kuti Muhandisi, kutanthauza injiniya. Ine sindinakane, dzinalo linkandikhala.

Kwa amalume ndinatolako zinthu ziwiri. Choyamba ndi maginito omwe anawagulula mu sipika ya wailesi yakufa n'kundipatsa. "Mphwanga," anatero, "galimoto imanama ndi penti. Uziika ichi. Chikamata, ndi chitsulo. Chikagwa, dziwa kuti pansipo anamatapo bodifila, phala lobisira ngozi." Chachiwiri chinali chakuti katundu amene ukumufuna sumuyamikira pamaso pa mwini wake. Umamunyoza mpaka wogulitsayo achite manyazi ndi mtengo wake. Nzeru ziwirizi zagulira anthu maminibasi ambiri ku Limbe, ndipo palibe anadandaulapo.

Kutatsala milungu isanu kuti makontilakiti athe, abwana anandiitana n'kundionetsa chithunzi pa foni. Inali kagalimoto kobiriwira, kamphuno yaitali, kamipando iwiri, kopanda denga, kakale kuposa bambo anga. Mwini wake anali Mngelezi wachikulire yemwe ankapuma ntchito n'kumabwerera kwawo.

"Muhandisi, Loweruka tikaione," anatero abwana. "Ndikaigula ifunika munthu woisamala. Munthuyo ndiwe, inshallah."

Malata ndinawamva akulira m'mutu mwanga. Kenaka ananditchulira mtengo. Ndinakhala pansi kuusintha m'makwacha, ndipo ndinabwereza katatu poganiza kuti chala chatereleka pa ziro. Abale, ndalama yomangira sukulu ndi nyumba za aphunzitsi zomwe! Pa galimoto yopanda denga, yopanda choziziritsira mkati, m'dziko lomwe dzuwa limasungunula nkhwaira! Kwathu galimoto ikakalamba mtengo umatsika, mapeto ake nkhuku zimaikiramo mazira. Uku ati ikamakalamba ndiye mtengo ukukwera. Ndinaona poyera kuti abwana akufuna kuberedwa masana, ndipo wowapulumutsa ndine.

Lachisanu ndinapita ku Al Muntazah kukacheza kwa a Tembo, mkulu wa ku Chipata yemwe ankagwira ntchito m'galaja yeniyeni. Nditawafotokozera, anaika kapu ya tiyi pansi.

"Mudala, ma-classic aya si ma-minibus ya ku Limbe," anatero. "Bantu bamayang'ana history file, ma-receipt, engine number ngati iku-matcha na mapepala. Original paint ndiye money yeniyeni. Imwe mukafika just ku-smila, mukambe mashallah, khalas, basi. Osagwira chilichonse."

"A Tembo, inu ntchito yanu ndi ku-changer oil basi," ndinawayankha. "Mafi mushkila, palibe vuto, ndili ndi chida changa."

Ndinawaonetsa maginito aja. Anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma foni yawo inalira, ine n'kutsanzika. (Foni imeneyo ndimaiimba mlandu mpaka lero.)

Loweruka dzuwa litapendeka tinafika ku Fereej Bin Omran. Mdala wachingelezi uja anatilandira atavala kabudula ndi nkhwaira, n'kutitengera m'galaja yozizira kuposa chipinda chomwe ine ndinkagona. Anavundukula nsalu pang'onopang'ono ngati akuonetsa mkwatibwi. Anati anaigula limodzi ndi malemu akazi awo ali achinyamata, ndipo chomwe ankafuna kwenikweni ndi munthu woti adzaikonde.

"Mashallah, mashallah," abwana anayamba, maso ali mbee.

Ndinawakoka mkanjo. Munthu ukufuna kugula, n'kumayamikira mokweza chonchi? Mashallah aliyense ndinkamumva akukweza mtengo. Ndinaona kuti ndisachedwe.

Ndinayamba ndi tayala. Ndinalimenya theche, poti umu ndi mmene timayambira. Matayala ake anali a masipoko ngati njinga ya kabaza, ndipo ndinanena zimenezo mokweza. Mdalayo anaphethira kawiri. Ndinagwada n'kusuzumira pansi, ndipo ndinapeza kathireyi kolandira mafuta odontha.

"Abwana, ikukodza pogona iyi," ndinatero.

"Zonse zamtunduwu zimatero," mdalayo anayankha akumwetulira mokakamiza. "Ikasiya kudontha ndiye kuti mafuta atha."

Tamvani yankho la munthu wofuna ndalama yomangira sukulu! Kenaka anabweretsa chifayilo chonenepa, muli malisiti a zaka makumi angati kaya, chilichonse chomwe chinakonzedwapo, ndi pepala losonyeza kuti injini ndi yomweyo inabwera nayo kuchokera kufakitale. Abwana ankatsegula masamba mwaulemu. Ine ndinawauza kuti munthu wathanzi sakhala ndi buku la kuchipatala lonenepa chotero. Pamenepo mdalayo anasiya kumwetulira, ine n'kuona kuti mtengo wayamba kutsika.

Ndiye ndinatulutsa maginito.

Ndinawaika pa boneti n'kuchotsa dzanja. Anatsetsereka n'kugwa pansi, gobede! Ndinawatola, ndinawaika pa chitseko. Gobede! Mtima wanga unayamba kuvina. Ndinazungulira kumbuyo, ndinawaika pamwamba pa tayala, ndipo ulendo uno anagwera pa chala cha mdalayo, yemwe anatulutsa mawu ena a Chingelezi omwe kusukulu sanatiphunzitse. Kuti asanene kuti chida changa n'chakufa, ndinachiika pa bampala. Chinamata kuti nga!

"Mwaona, abwana?" ndinatero. "Maginito ali bwinobwino. Chitsulo chili pa bampala pokha. Thupi lonseli ndi phala. Galimoto iyi inagubuduzikapo, mwina kawiri."

"Bwana, dalaivala wanuyu akutani?" mdalayo anafunsa.

"Ndi muhandisi wanga," abwana anayankha, koma mawu awo anali atayamba kuzilala.

Ndinatsegula chitseko n'kukweza kakapeti m'mphepete. Abale inu, thabwa! Thabwa lenileni la kalipentala, m'kati mwa galimoto! Ndinaligogoda kuti onse amve. Ndinafunsa ngati mtengo uja ukuphatikizapo mankhwala a chiswe. Apa ndinali nditakwiya zenizeni, osati zoyerekeza zotsitsira mtengo zija. Munthu wamkulu, waimvi, kutiyalira nkhani ya malemu akazi ake kuti atigulitse kabati yamatayala!

Mdalayo anayamba kufotokoza kanthu, koma ine ndinakweza dzanja. Amalume ankati wogulitsa akakana, umamuonetsa phalalo ndi maso. Ndinatulutsa kiyi wa galimoto ya abwana, ndinasankha malo pansi pa chitseko, n'kukala. Sindinakale kwambiri, kutalika kwake ngati chala changa chapakati basi. (Ndimanena zimenezi chifukwa anthu ena pofotokoza amati ndinakala chitseko chonse. Bodza.)

Ndinkayembekeza fumbi lotuwa. M'malo mwake munatuluka kamzere kowala ngati sefuliya yatsopano.

Mdalayo anagwada pansi, mawondo ake akulira, n'kuika chala pa kamzereko. Atayankhula, anayankhula motsitsa, ndipo ankayang'ana abwana, osati ine. Anati galimoto zoyambirira zamtunduwu, zochepa chabe, anazisula ndi manja pa aluminiyamu n'kuziyala pa mafelemu a matabwa, asanayambe kupanga zachitsulo zambirimbiri. Anati n'chifukwa chake mtengo wake unali wotero, ndipo maginito sagwira aluminiyamu, mwana wasukulu aliyense amadziwa. Penti yomwe ndinakalayo inali yakufakitale, sinakhudzidwepo chipangidwire galimotoyo.

Munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinafunsa kuti, "Ndiye mukuti ndi chitsulo cha mapoto?"

Mdalayo anatenga nsalu n'kuyamba kuvundikira galimoto yake. Abwana anapepesa m'Chingelezi, anapepesa m'Chiarabu, anati awonjezera pa mtengo uja. Tamverani, kuwonjezera, pambuyo pa ntchito yonse ndinagwira ija!

"Ngakhale mutandipatsa kawiri," anatero mdalayo. "Siipita pakhomo pomwe pali munthu uyu."

Pobwerera abwana anakhala kumbuyo, chonsecho popita anali kutsogolo. Kuchokera ku Bin Omran mpaka ku Al Waab ananena mawu awiri okha: "Yalla, Muhandisi," ndiye kuti tiyeni. Dzina lija linali litasanduka mwala.

Zokonzetsa kamzere kaja analipira abwana, ndipo ndinamva kuti panachita kubwera katswiri wodziwa kusakaniza penti yakale. Sanandidule malipiro, ndisawanamizire. Koma choipitsitsa chinabwera patatha milungu iwiri. Galimoto ija anaigula alamu awo a abwana, munthu yemwe ankapikisana nawo pa chilichonse, kuyambira mawotchi mpaka mbalame zosakira nyama. Lachisanu lililonse ankabwera nayo kudzadya chamasana, akuliza kahutala konga ka bakha, ndipo wotsegula geti ndinali ine. Abwana ankaima pakhonde n'kumayang'ana galimotoyo, kenaka ine, kenaka galimotoyo.

A Tembo nditawauza anaseka mpaka kutsamwa. "Nenze nifuna kukuuzani kuti zina ni aluminium, mudala! Manje mwa-scratcha pension ya muzungu!" Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiimbire foni atamaliza kuyankhula tsiku lija. Anati anaganiza kuti ndikuseleula, munthu wamkulu sangapite ndi sipika ya wailesi kukayesa galimoto yotero. Mpaka lero ndimati theka la mlanduwu ndi lawo.

Mwezi utatha, mnzanga wa ku Kerala anasaina kontilakiti yatsopano. Munthu wosadziwa ngakhale komwe kumakhala bodifila! Anandiperekeza yekha ku bwalo la ndege, ndipo potsanzikana anandipepesa.

Tsono ndikufunseni inu owerenga, cholakwa changa chenicheni n'chiyani? Ndani anawauza Angelezi kuti azipanga galimoto ndi zipangizo za kukhitchini ndi za kalipentala? Kodi zinalembedwa pena paliponse kuti chenjerani, muno mulibe chitsulo? Galimoto imadontha mafuta, ilibe denga, mkati muli matabwa, ndipo wopenga ndi ineyo amene ndinanena? Kukala kuja ndikuvomera, ndinafulumira. Koma zina zonse ndinanena zinali zoona, ndipo palibe ananditsutsa pa nkhani ya chiswe.

Nditafika kumudzi ndinapita ku Limbe kukawabwezera amalume chida chawo. Anamvetsera nkhani yonse osandidula. Kenaka anaitanitsa sefuliya kukhitchini, anaikapo maginito, ndipo anagwa, gobede!

"Chida chilibe mlandu," anatero Che Jafali. "Anthuwo anagula poto. Tenga, uzisunga."

Mawu amenewo anandiziziritsa mtima kuposa china chilichonse. Koma mayi akunyumba sanawaone choncho. Ndalama zomwe ndinabwera nazo zinakwana malata a zipinda ziwiri zokha, ndiye pabalaza ndi chipinda cha alendo zikadali poyera. Mbali imeneyo iwo amaitcha sipotsi, dzina la mtundu wa galimoto yopanda denga ija. Alendo akabwera amawauza kuti, "Bwerani mukhale ku sipotsi kuno, bambo anu amakonda zopanda denga." Mvula ikayamba amangondipatsa ndowa.

Malata ochepawo ndinakagula ndekha, ndipo ndinapita ndi maginito m'thumba. Ndinanyoza katundu mpaka mwini sitolo anatsitsako pang'ono, kenaka ndinayesa lata lililonse, limodzi limodzi, anthu akundiyang'ana. Onse anamata kuti nga! Denga langa ndi latheka, inde, koma thekalo ndi chitsulo chenicheni, osati poto.