Mabawuti a njinga ya ba mulamu

Lolemba

Ba mulamu akwera basi ku Intercity, akupita ku Chipata ku msonkhano wa akulu a mpingo. Abwera Sondo. Andisiyira makiyi a njinga yawo yamoto: "Uzilizako chabe m'mawa. Osagwira vina."

Osagwira vina! Ine amene ndinaphunzira uinjiniya zaka ziwiri ku yunivesite. Amene ankakopera mayeso kwa ine lero ali ku Kabulonga kwa olemera, mimba kutsogolo. Ine ndili ku Chelstone, m'kachipinda kakuseri, moyandikana ndi nkhuku.

Ndaliza. Pansi pakumveka kwete kwete. Mabawuti anayi amene amagwira injini ali dzimbiri lokhalokha. Bawuti yokhwepa imathyoka, aliyense wophunzira akudziwa. Mawa ndimanga onse. Aone kuti pakhomo pano pali mutu.

Lachiwiri

Sipanala ndi yaifupi. Ndaiveka paipi kuti italike.

Bawuti yoyamba: ndangogwira, mutu wake wagwera m'dzanja langa. Sindinakoke n'komwe!

Ndakhala pansi.

Ba mulamu sakalipa. Amakupempherera mokweza patebulo, akutchula dzina ndi tchimo lomwe. Nditapsereza wailesi yakanema poikonza, pemphero linatha motere: "Chinanso chikaonongeka, Ambuye, tidzadziwa kuti mukumuitanira ku Katete kukalima nsawa." Ba sisi anati ameni. Mlongo wanga weniweni, bere limodzi!

Ku Katete ayi. Ndinachokako mudzi wonse ukundiimbira nyimbo. Ndikatsike basi ndi sutikesi yomweyo?

Lachitatu

Kumsika wa Kamwala. Ndagula:
mabawuti anayi
mawasha
kachitsulo kozulira chitsa cha bawuti yothyoka
mankhwala a mutu

Bawuti yolimba imakhala ndi nambala pamutu. Awa alibe. Ndaona bwinobwino kuti alibe. Koma wogulitsa anati, "Imwe muoneka ni ba injiniya, simufunika kuuziwa." Ndalipira.

Masana ndaboola chitsa chija. Bowo lapita chammbali. Ndalowetsabe kachitsulo, ndapotokola, kathyokera momwemo. Tsopano m'bawuti yothyoka muli chitsulo chothyoka.

Ba sisi pawindo: "Uchita chani na njinga ya bene?"

Ndati ndikupukuta.

Lachinayi

Nzeru zatsopano: imodzi yafa, ndiye zitatu zotsala zimangidwe kwambiri kuti zinyamule katundu wa mnzawo.

Yachiwiri. Yalimba. Pang'ono pokha. Pang'ononso. Thwa! Iyi yokha inayamba yalimbana nane.

Yachitatu ndamasula bwino, ndaikapo ya ku Kamwala. Yapotoka ngati chingamu, yaduka.

Injini yonse yatsamira pa bawuti imodzi. Ikundiyang'ana. Nkhuku nazo zikundiyang'ana.

Foni yalira, ba mulamu! "Njinga ili bwanji?" Ndati ili phee. Si bodza.

Ndalephera kudya. Paliponse ndikumva fungo la nsawa.

Lachisanu

Palibenso kuchitira mwina: ba Chanda, owotcherera zitsulo ku Kabwata. Munthu wa giredi seveni. Tsiku lina ndinawauza pagulu kuti amakonza zinthu mongolota.

Ndamanga injini ndi chingwe choyanikira zovala. Ndakankha. Chelstone mpaka Kabwata, wapansi! Galimoto iliyonse yoyera ndikuiona ngati ya mkulu wa mpingo. Ku Kabulonga wina wa galimoto wachepetsa liwiro, ndamudziwa, tinkakhala benchi imodzi. Ndatsitsa galasi la chisoti. Ku Woodlands chingwe chaduka, ndamanga ndi lamba. Dzanja lina njinga, dzanja lina buluku.

Ba Chanda agwada, asuzumira.

"Bwanji ba injiniya. Nindani anamanga na paipi?"

Ndati ana a m'komboni.

"Muwauze bana aba: bawuti ya nguwe, ya dzimbiri, uyamba waithira oilo, walindila. Ikagwira, waleka. Siulimbana nayo monga ni ndeo."

Akuti ziwiri awotcherera manati pa zitsa zake, zituluka. Ija ndinaboola itenga masiku. Atenga makina awo. Magetsi athima.

Ndabwerera pa minibasi. Ba sisi ndawauza kuti njinga yapita kokatsukidwa.

Loweruka

Magetsi abwera! Ndathamangira ku Kabwata.

Geti ndi lokhoma. Mayi wogulitsa tomato pafupi: "Simuziba? Ba Chanda ni ba Sabata. Lelo olo sipanala sagwira."

Njinga ndikuiona pa mpata wa geti. Lamba wanga akadali pomwepo.

Ndalongedza:
mabuku a chaka chachiwiri
malaya atatu
jombo, poti kumunda kuli minga

Ndayeseza zokanena kumudzi. "Ndabwera kudzafufuza za ulimi." Ngakhale nkhuku sizinakhulupirire.

Sondo

Ba mulamu afika masana, Baibulo kukhwapa. Maso awo apita pamene pamaima njinga. Ndabweretsa mitu itatu ya mabawuti m'mbale, ndaulula zonse.

Atola mutu woyamba, auyang'ana kumbuyo.

"Aka kanathyoka kalekale. Ninamatikapo chabe na guluu kuti isazioneka voipa pa chechi. Njinga inali kuyenda bwino na atatu."

Guluu! Sabata yonse ndakhala ndikufera guluu. Ndikanangoumata mutuwo n'kukagona!

Patebulo pemphero latenga nthawi mpaka ndiwo zazizira. Mabawuti atchulidwa imodzi imodzi. Katete yatchulidwa kawiri. Kenako: "Koma Ambuye, nsawa nazo zingathyoke. Tampereka kwa mtumiki wanu Chanda, azimunyamulira masipanala, kuti mwana uyu amalizeko chinthu chimodzi pa moyo wake."

Ba sisi ati ameni. Inenso ndati ameni, chapansipansi.

Mawa seveni koloko, Kabwata. Ba Chanda atumiza uthenga: ndibwere ndi ovololo, paipi ndisiye kunyumba.

Sutikesi sindinamasule.