Mmene ndinafufutira buku la a Domingo

Pali zolakwa zina zimene anzanga akamandiseka nazo nanenso ndimaseka, koma iyi ndimangoseka ndi mano okha. Mkazi wanga akafuna kunditseka pakamwa amangoti, "Paja inu ndi katswiri."

Zinali zaka zija anthu a ku Mozambiki anadzaza m'misasa ya kumalire, cha ku Chiponde uko. Ine ndinali kalaliki pa ofesi ya bungwe lina lothandiza othawa nkhondo pa boma la Mangochi. Pa ofesipo panali kompyuta imodzi yokha, yofunditsidwa nsalu, ndipo woigwira ndinali ine chifukwa ndinakachitako kakosi ku Blantyre. (Kunena zoona, ndinaphunzira kuyatsa, kutaipa ndi kuzimitsa. Zina zonse anali matama.)

Kumsasa kunali mphunzitsi wina wachikulire, a Domingo, wochokera ku Mandimba. Sukulu yawo inawotchedwa pankhondo, mabuku onse n'kupsera momwemo. Iwo ankaphunzitsa ana pansi pa mtengo, ndipo anayamba kulemba pamanja buku lophunzitsira kuwerenga Chipwitikizi, kuti anawo akadzabwerera kwawo asakakhale alendo m'kalasi. Akabwera ku boma pa lole ya ufa ankandibweretsera mapepala awo, ine n'kumataipa chilembo chimodzichimodzi poti chinenerocho sindichidziwa. Ntchitoyi inadya chaka ndi kanthu. Abwana a pa ofesi yathu analonjeza kuti bukulo likatha adzalisindikiza, mwana aliyense apite ndi lake.

Buku litangotha, nkhani yoti anthu abwerera kwawo inayamba kumveka, ndipo kompyuta nayo inayamba kudwala. Disiki yake ya m'kati, mmene mumakhala zonse, inkakukuta ngati khoswe padenga. Ku likulu anatumiza disiki yatsopano, ndi uthenga woti tidikire katswiri adzasamutse pulogalamu yoyendetsa makinawo pamodzi ndi zonse za m'disiki yakale. Katswiriyo mvula inamutsekera njira. Ine ndinati, "Bwana, tidikiriranji munthu ngati ife tilibe manja?" Ndinali nditaonererapo kamodzi wina akuchita.

Ntchito yake imayenda chonchi: disiki yatsopano umayamba waisesa, amati kufomata, kenako umaikamo pulogalamu ija kuchokera pa timadisiki tating'ono, ndiye n'kukokera zakale zonse m'nyumba yatsopanoyo. Lachisanu m'mawa ndinamasula makinawo n'kutulutsa disiki yakale, dala, kuti ndisaifufute mwangozi (mukuona kuti nzeru ndinali nazo). Ndinaiika patebulo pambali pa yatsopano. Zinali zofanana ngati mapasa, kungoti yakale inali mbuu ndi fumbi la Mangochi, yatsopano ili ngwee. Ndinati chizindikiro china n'chachiyani, ine maso ndili nawo.

Azana itamveka ndinasiya zonse n'kupita kumzikiti. Tsono pa ofesipo panali mayi wotikonzera, Abiti Saidi, amene fumbi ankadana nalo koopsa. Lachisanu masana, ife tikapita kukaswali, ndi pamene ankapukuta matebulo athu popanda womusokoneza. Nditabwerako ndinapeza madisiki onse awiri akuwala, atayalidwa bwinobwino pansalu, timisomali take tili m'sosala.

"Abiti Saidi, zitsulo izi mwazigwira?"

"Ndangozipukuta, Che Kalaliki. Chinacho chinali chochititsa manyazi."

"Chinali chiti?"

Anaziyang'ana, n'kuloza cha kumanja. Kenako anati, "Kapena ichi."

Apa munthu wanzeru akanadikira. Akanathanso kulumikiza imodzi n'kuyatsa, aone ngati idzuke ndi zakale. (Maganizo amenewa anandifika patapita masiku, ndili m'bafa.) Koma abwana anali ataima pakhomo manja ali m'thumba, akuonerera katswiri wawo, ndipo mawu oti "sindikudziwa" anandikanika kutuluka. Ndinatola imene inkaoneka yowalako pang'ono, n'kuilumikiza, n'kuyatsa ndi kadisiki kakang'ono. Makinawo, ndisawanamizire, anandichenjeza m'Chingerezi kuti zonse za m'menemo zitayika, kodi ndikutsimikiza? Ndinadina kuti inde, ndi chala chimodzi, ndikumwetulira abwana. Ili m'kati mosesa, ndinamva khoswe uja akukukuta.

Thukuta linatsika mpaka m'sokosi. Ndinalumikiza inayo, n'kupeza ilibe kanthu, mmene inachokera kusitolo. Zikalata za ofesi zinaliponso m'mafayilo a m'kabati, ndiye abwana anangopukusa mutu n'kulowa mwawo. Koma buku la a Domingo linalibe kwina.

Mufunsa za mapepala awo olemba pamanja aja. Apa ndiye pondiwawa kunena. Masiku amenewo pepala logwira kale ntchito silinkatayidwa, linkapita kumsika kukakulunga mandasi ndi usipa. Ine ndinali nditawauza a Domingo kuti, "Zikalowa m'makina sizifa, mapepala ndi zachikale," ndipo mtolo wonse ndinapatsa mlongo wanga wogulitsa mandasi pa depoti. Ndinathamangira kumeneko tayi ali pakhosi. Masamba ochepa ndinawapeza pansi pa beseni lake, ena ndinatola m'ngalande, ena ndinachita kupempha m'manja mwa anthu akudya. Bambo wina anandinyemerako ndasi lake, kuganiza kuti ndi njala.

A Domingo anabwera ndi lole yotsatira, atavala jekete, kudzaona buku lawo. Ndinawapatsa mpando n'kufotokoza zonse, osabisa kanthu, masamba amafuta aja ali patebulo. Ndinkalakalaka andikalipire, kaya anditukwane m'Chipwitikizi ndisamve. Iwo anangotenga tsamba limodzi n'kumaliwongola ndi chikhatho pabondo, nthawi yaitali.

"Che Kalaliki," anatero m'Chichewa chawo chopendekera ku Chiyao, "ulendo woyamba ndinaona utsi, ndinadziwa kuti mabuku apita. Uno ngakhale fungo palibe."

Ndinawapempha kuti tiyambenso, iwo azinena ine ndizitaipa. Anavomera, ndipo tinayambadi, pa disiki yatsopano imene katswiri anadzaikonza atafika. Koma zimene munthu wamkulu anazilemba pang'onopang'ono sizibwerera m'mutu chifukwa choti kalaliki akufulumira. Ankati akakumbukira phunziro limodzi, lina lathawa. Malole obweza anthu kwawo anafika tisanafike ndi pakati pomwe, ndipo buku losatha abwana sakanalisindikiza.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinaphunzirapo kudzichepetsa, koma amene amandidziwa angaseke. Chimene ndinaphunzira n'choti munthu akakukhululukira osakukalipira, mlandu umatsala nawo wekha, ndipo sutha.

Tsiku lonyamuka ndinapita kumsasa. Ana aja anakwera lole ndi mapoto ndi mphasa, buku ayi. A Domingo anatsika dala, n'kundigwira chanza ndi manja awiri.

"Zikomo chifukwa cha thandizo lanu lonse," anatero.

Sankandinyoza, ankanena kuchokera pansi pa mtima. Bola akanangondimenya mbama.