Makina Onunkhiza Miyala a ku Biriwiri

Pulani yonse inabadwira pa shabini ina ku Sharpevale, kachasu atayamba kulankhula m'malo mwa eni ake. Mwini pulani anali Chrispine, yemwe anzake ankamutcha Injiniya chifukwa tsiku lina anakonzapo wailesi n'kuipheratu. Omvera anali Aleck, wotchedwa Kambatata, ndi Chikhulupiriro, wotchedwa Netiweki poti nkhani iliyonse ya m'boma la Ntcheu inkayamba yadutsa m'makutu mwake.

"Amwene, umphawi tautsanzika," anatero Injiniya. "Makina aja akwirira a ku yunivesite paphiri ku Biriwiri, mukuti ndi a chiyani?"

"Akuti ndi oyezera chivomezi," anayankha Netiweki.

"Ndiwe mwana iwe. Munthu angachoke kutauni kudzayeza chinthu choti chinadutsa kale? Amene aja ndi onunkhiza miyala yamtengo wapatali. Kagetsi kake kakaphethira, ndiye kuti pansipo pali chuma."

Kambatata anagwedeza mutu mwaulemu, monga ankachitira pa chilichonse chimene sanachimve.

Zoona zake n'zakuti dziko linagwedezekadi miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo Dokotala Tawina, mayi wofufuza za zivomezi, anakwirira makinawo kuti azimvetsera pansi. Thanthwe la pansi limakhala lopanikizika ngati munthu wosenza thumba la chimanga, ndipo likang'ambika limatula katunduyo. Mayiyu ankafuna kudziwa kuti latula wochuluka bwanji komanso mng'alu wake ndi waukulu motani. Anafotokoza zonsezi pamsonkhano wa m'mudzi, koma Injiniya anamvapo mawu amodzi okha, akuti miyala.

Tsono Injiniya anali pachikamwini ku Biriwiri komweko, ndipo banja lake linali lendelende. Itatha nkhani ya mbuzi ya eni imene inapezeka m'bafa mwake, mkazi wake Salome anamuuza pamaso pa ankhoswe kuti manyazi ena akangobwera, anyamule chikwama abwerere kwawo ku Champiti. Iye ankamukonda Salome, zimenezo tisamunamizire. Anangoganiza kuti mkamwini wolemera sathamangitsidwa.

Lamulungu m'mawa, mudzi wonse uli kutchalitchi, madolo atatu aja anakwera phiri ndi makasu ndi wilibala. Anafukula chinthu chonga mphika wachitsulo, kabokosi ka mawaya, batire, sola ndi kamlongoti. Netiweki anatulutsa mpeni kuti adule mawaya.

"Usayerekeze!" anakuwa Injiniya. "Akazima aiwala miyala yonse imene anunkhiza. Tinyamule ali moyo, ndi kamlongoti komwe."

Choncho anatsika nawo mosamala ngati akunyamula wodwala, Kambatata atasenza sola pamutu kuti iziwombedwa ndi dzuwa. Sankadziwa kuti kamlongoti kaja kamatumiza chilichonse pa kompyuta ya Dokotala Tawina, mpaka malo amene makinawo ali.

Mayiyo anali pa nyumba yogona alendo pa boma, akumwa tiyi. Ataona mizere ikuvina pa kompyuta anadumpha ndi chimwemwe, kuganiza kuti pansi pang'ambikanso. Koma chivomezi chenicheni chimafika mwaulemu wake: kagwedezo kakang'ono kamatsogola, kakakulu n'kutsatira, kenako zii. Ichi chinkangolira kwii, kwii, kwii, ngati tayala losowa girizi, ndiponso chinkayenda chotsika phiri. Anaika kapu pansi n'kuimbira apolisi.

Anyamata aja anafikitsa katundu kuseri kwa khitchini ya apongozi ake a Injiniya, poti n'kumene kunali kobisika. Atangotula, kagetsi kobiriwira kanaphethira. Kankaphethira chomwecho chiyikireni, koma ndani anali ndi nthawi yoyang'ana?

"Aise, taonani!" ananong'ona Netiweki. "Apongozi anu akhala akuphikira pamwamba pa chuma!"

"Ndinkadziwa ine," anatero Injiniya, misozi ili m'maso. "Tiwadzutse bwinobwino makinawa, atiuze kuya kwake. Pondani pansi!"

Amuna atatu akuluakulu anayamba kuponda ngoma mozungulira mphika wachitsulo, fumbi kobo, Kambatata mpaka kuyambitsa nyimbo. M'galimoto ya apolisi, Dokotala Tawina ankayang'ana kompyuta ali pakamwa yasa.

"Mayi, n'chachikulu?" anafunsa wapolisi.

"Mng'alu waukulu umalemba mizere yotakasuka, waung'ono yothithikana. Apa gwero lake silikuposa phazi la munthu. Ndipo mmodzi mwa iwo akuphonya sitepe."

Kagetsi kanaphethirabe, ndiye makasu anagwira ntchito. Anakumba m'tsinde mwenimweni mwa khoma, Injiniya akulonjeza kuti apongozi adzawamangira ya malata. Dzenje litafika m'chiuno, khoma la zidina linaganiza zotula katundu wake nalonso. Linagwa ndi mkokomo, denga la udzu n'kutsatira, nkhuku zili balala, mapoto akugubuduzika mpaka kumsewu.

Nthawi yomweyo n'kuti anthu akutuluka m'tchalitchi. Anafika pamodzi ndi galimoto ya apolisi, n'kupeza mitu itatu yotuwa itasuzumira m'udzu. Palibe anavulala, kupatula ulemu.

Dokotala Tawina anathamangira makina ake, nawapeza ali bwinobwino, ndipo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Zaka zonsezi ndakhala ndikusaka magwero a zivomezi," anatero, "koma sindinaonepo gwero likukwera galimoto ya apolisi."

Injiniya sanataye mtima. Ali ndi unyolo m'manja anaitana mkazi wake, yemwe anaima pambali pa mayi ake atavala yunifomu ya kwaya.

"Amayi a Rute, musalole munthu akwirire dzenjelo! Tatsala pang'ono, kagetsi kakuphethirabe!"

Salome analowa m'nyumba, natuluka ndi chikwama, n'kuchiponya m'galimoto pamiyendo pa mwamuna wake. Kenako anagwada mwaulemu pafupi ndi wapolisi.

"Bwana, mukathana nawo musavutike kuwabweretsa kuno. Kwawo ndi ku Champiti."